Nyung'unyu Yachitsulo ku Lobengula

Kumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo, moyandikana ndi Njube ndi Magwegwe, kuli lokeshoni imene inapatsidwa dzina la Lobengula mwana wa Mzilikazi, mfumu yotsiriza ya Amandebele. Ndipo amene anawerengako mbiri ya mfumuyo adzakumbukira kuti, ngakhale inali ndi ankhondo zikwizikwi ndi ng'ombe zosawerengeka, pa zaka zake zakumapeto inkazunzika ndi nthenda yotupitsa mfundo za m'miyendo, ija madokotala amaitcha gout, kotero kuti kuyenda kunkaivuta ndithu. M'zaka za 1889 ndi 1890 kunkafika kubwalo lake sing'anga wachizungu, Leander Starr Jameson, bwenzi la Cecil Rhodes, amene ankaibaya jakisoni wa morphine. Ululu ukazizira, mtima wa mfumu nawo unkafewa pa zimene mlendoyo anadzera. Jakisoniyo sanachiritse nthenda, koma anathandiza kulambulira Azungu njira ya ku Mashonaland, ndipo pofika 1893 sing'anga yemwe uja anabweranso ndi nkhondo, mfumu inatentha mudzi wake nithawira kumpoto, kumene inakatsikira kulichete kuchiyambi kwa 1894.

Aliyense amene anadwazikapo matenda a mafupa sangadabwe ndi mfumuyi, pakuti munthu amene mfundo ikumuwawa usana ndi usiku alibe chimene angamane yemwe wamulonjeza tulo. M'misewu ya lokeshoniyi lero mumayenda okalamba ambiri otsimphina, ena atatsamira ndodo, ena akupumira pa mpanda uliwonse popita kogula buledi. Ndipo mukawapatsa moni m'Chinyanja simudzalephera kupezapo a Phiri, a Banda kapena a Mwale, amene adzakuyankhani m'chinenero cha makolo awo chitasakanizika ndi Chindebele.

Makolo awowo anatsika kuchokera ku Nyasaland, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere amene boma la Southern Rhodesia linkanyamulira antchito popanda kuwalipiritsa, ena atalembedwa ndi Mthandizi; ndipo popeza njanji, imene inafika ku Bulawayo mu 1897, inasandutsa mzindawu likulu la sitima zapamtunda ndi mafakitale, ambiri anakhazikika mumzindamo, akusenza matumba ku Rhodesia Railways, akunyamula nyama ku Cold Storage Commission, akuphika ndi kuthirira maluwa m'nyumba za Azungu ku Hillside. Anadzera ndalama ya msonkho, bulangete ndi njinga, poganiza kuti mvula ikagwa kawiri katatu adzabwerera. Koma anakwatira, nabereka ana, ndipo kwawo anayamba kuwatchula kuti machona. Mnansi wawo wa Chindebele akakalamba ali ndi mudzi ku Tsholotsho, ku Nkayi kapena ku Kezi, kumene kuli khola loti angatapemo ng'ombe tsoka likagwa, pamene mwana wa mchona chuma chake chonse ndi nyumba ya zipinda zinayi imene bambo ake anapatsidwa ndi khonsolo. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa ambiri a iwo kukhala alendo m'dziko limene anabadwiramo, kufikira malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anawatsegulira khomo lobwezeredwa unzika; ndipo penshoni imene anaikhetsera thukuta inasungunuka m'chaka cha 2008, pamene mitengo inkakwera m'mawa ndi madzulo mpaka boma linadzasindikiza ndalama yapepala ya madola 100 thililiyoni. Anthu otere ndiwo amauzidwa lero ndi dokotala, atayang'ana chithunzi cha ekisire, kuti nyung'unyu yawo yatha ndipo ifunika kuikamo yachitsulo.

Nyung'unyu ya munthu inalengedwa ngati munsi ndi mtondo: mutu wa fupa la ntchafu ndi wobulungira, umalowa m'kachikho ka fupa la m'chiuno, ndipo zonse ziwiri zinakutidwa ndi chichereŵechereŵe chosalala, chimene chimalola mwendo kuzungulira popanda kukhulana. Pa phazi lililonse limene munthu aponda, mfundo imeneyi imasenza kulemera koposa thupi lake kawiri kapena katatu, ndipo akawonjezapo thumba la simenti paphewa kapena ndowa pamutu kwa zaka makumi anayi, sitingadabwe kuti chosalala chija chimaperepeseka kufikira fupa liyamba kukukuta fupa linzake. Ululu wake sumveka pambali pa chiuno pokha monga ambiri aganizira. Kawirikawiri umayambira m'mphechepeche n'kutsikira kubondo, nchifukwa chake okalamba ambiri amatha zaka akupaka mankhwala pabondo losalakwa. Chizindikiro chosanama n'chakuti munthu amayamba kulephera kuwenga zala zakumapazi, kuvala sokosi, ndi kukweza mwendo polowa m'kombi.

Koma si nyamakazi ya ukalamba yokha imene imawononga mfundoyi. Amayi achikulire amene mafupa awo anafooka amatha kuterereka pakhomo la bafa n'kuthyoka khosi la fupa la ntchafu, ndipo wotere akangogonekedwa miyezi osachitidwa opaleshoni, chibayo ndi zilonda zapamsana ndizo zimamutsiriza. Enanso, ngakhale ali anyamata, mutu wa fupa umafa chifukwa magazi aleka kufikako, monga zimachitikira odwala sickle cell, omwa mankhwala a steroid nthawi yaitali, okonda kachasu, ndi ena amene ali ndi kachilombo ka HIV. Ndipo chifuwa chachikulu nacho, chikalowa m'mafupa, chimakonda malo omwewa. Yakobo, atagwirana ndi mlendo usiku wonse ku Penieli, anachoka akutsimphina chifukwa cha mfundo yomweyi, ndipo kwa zaka zikwi zotsatira ana a anthu analibe china chochita nayo koposa kusema ndodo.

Oyamba kuyesa kuisintha anagwiritsa ntchito zimene zinali pafupi. Themistocles Gluck wa ku Berlin anasema mfundo ya mnyanga wa njovu cha m'ma 1891, ndipo Austin Moore wa ku America anaika mutu wachitsulo pa fupa la ntchafu mu 1940. Koma amene anaikonza ntchitoyi kuti ikhale yodalirika ndiye John Charnley, wa pa chipatala cha Wrightington kufupi ndi Wigan ku England. Iyeyu anazindikira kuti gwero la vuto lili pa kukhulana, choncho anachepetsa mutu wachitsulo kufika pa mamilimita 22, namata chitsulocho m'fupa ndi simenti ya mtundu umene madokotala a mano ankagwiritsa ntchito, napanga kachikho ka pulasitiki yoterera yotchedwa Teflon. Odwala anasangalala poyamba, koma pasanapite zaka zambiri Teflon ija inaperepeseka n'kuyamba kuwononga mnofu ndi fupa, ndipo anthu pafupifupi 300 anali ataikidwa kale. Chimene ndimamulemekezera munthuyu n'chakuti sanabise kulephera kwake, koma anawaitananso odwalawo nayamba kuwakonza mmodzimmodzi. Pulasitiki imene inadzapulumutsa ntchitoyi inabwera ndi wamalonda wina amene ankagulitsa zipangizo za makina oombera nsalu. Charnley anaikana poiona, koma mmisiri wake Harry Craven anaiyesa payekha napeza kuti siikutha msanga, ndipo mu Novembala 1962 inaikidwa mwa munthu woyamba. Anamanganso chipinda cha mpweya wosefedwa chochitiramo opaleshoni, poopa tizilombo, napempha odwala ake kuti akadzamwalira adzalole mfundozo kuchotsedwa kuti aone mmene zathera. Mu 2007 magazini ya madokotala ya The Lancet inatcha opaleshoniyi kuti ndiyo yopambana m'zaka zana zonse zapitazo.

Mzinda wa Bulawayo suli wosowa zipatala kapena akatswiri. Kufupi ndi malokeshoni akumadzulo kuli Mpilo Central Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 1958 kuti chizithandiza anthu akuda. Kutsidya kwa tauni kuli United Bulawayo Hospitals. Kuli Mater Dei, cholipira, chimene masisitere a Chikatolika anatsegula mu 1953. Ndipo kuyambira mu 2021 kuli chipatala cha CURE chowongola mafupa a ana. Ndi mumzinda womwewu mmene Jairos Jiri anayambitsa ntchito yake yosamala olumala mu 1950. Chosowa ndi ndalama. Ndondomeko ya boma imati munthu wopitirira zaka 65 asalipire m'zipatala zake, ndipo kuyambira mu 2018 magazi amaperekedwa kwaulere m'zipatala zaboma. Komatu chitsulo chenichenicho chimachokera kunja kwa dziko, chimagulidwa ndi madola a ku America, ndipo kawirikawiri abale ndiwo amauzidwa kuti akachigule asanapatsidwe tsiku. Kuchipatala cholipira mtengo wa zonse umafika madola zikwi zingapo, moti okhawo amene ali pa CIMAS kapena mabungwe ena a inshulansi ya zaumoyo, kapena amene ana awo akupeza bwino kunja, ndiwo amalowa mosavuta. Ena amakwera ndege kupita ku India kapena ku South Africa, ndipo otsalawo amabwerera kunyumba ndi mapilitsi opha ululu, monga mfumu ija ndi jakisoni wake.

Kumudzi kwa makolo, ku Malawi, zinthu sizisiyana kwenikweni. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, kwa zaka zambiri chinkaika nyung'unyu zachitsulo mwa akuluakulu olipira kuti ndalamazo zithandize kuchiritsa ana kwaulere, ndipo madokotala a kumeneko, pamodzi ndi Pulofesa Nyengo Mkandawire, anakhazikitsa kaundula wolembamo aliyense woikidwa mfundo m'dziko la Malawi, chinthu chosowa m'maiko a kuno kwathu. Kaundulayo anaonetsa kuti odwala a ku Malawi ndi ocheperako zaka poyerekeza ndi a ku Ulaya, kuti ambiri vuto lawo linali kufa kwa mutu wa fupa, ndiponso kuti amene ali ndi HIV koma akumwa mankhwala mokhulupirika amachira bwino ngati anzawo. Ku Lilongwe nako, pa Kamuzu Central Hospital, kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION.

Azakhali anga, mlongo wa bambo, anabadwira ku Bulawayo ndipo akalambira ku Old Lobengula, kumene anansi amawaitana kuti MaPhiri monga mwa mwambo wa kumeneko. Anali atatha zaka akugona chokhala, atatsamira khoma, chifukwa mbali iliyonse imene akanagonera inkawabaya; koma dokotala atatchula mtengo anangomanga chitenje nanena kuti ndalama yotere ndi yogulira bokosi ndi kudyetsa anamalira, si yoti itayike pa mwendo wa nkhalamba. Chibale n'fupa, sichiola: mwana wawo wamkazi amene amasamala okalamba a eni ake ku England, mwana wamwamuna wa ku Johannesburg, adzukulu, ndi ife a ku Malawi amene sitinaonane nawo zaka zambiri, tonse tinasonkha kwa miyezi, ndipo amayi a Chigwirizano a mpingo wa CCAP anaponyapo yawo. Ndalama itakwana panatsala mayeso ena amene iwo sanawayembekezere, pakuti dokotala sakhudza fupa la munthu amene shuga kapena BP yake yakwera, amene magazi ake ndi ochepa, kapena amene ali ndi dzino lobooka ndi chilonda chamafinya paliponse m'thupi, poti tizilombo ta pamenepo tingayende ndi magazi n'kukamanga mudzi pachitsulo. Anazulitsa dzino limodzi, nasiya fodya wamphuno amene anamuzolowera kuyambira utsikana.

Opaleshoni yeniyeniyo, imene anthu amaiopa koposa zonse, ndiyo mbali yaifupi ya nkhaniyi, pakuti imatenga ola limodzi kapena awiri. Wodwala amabayidwa jakisoni wapamsana, thupi lonse kuyambira m'chiuno kutsika limachita dzanzi, ndipo ngakhale amapatsidwa mankhwala omuwodzeretsa, ena amamva kulira kwa macheka ndi kugogoda kwa nyundo monga kuti kukukhomedwa nyumba ya mnansi. Dokotala amang'amba pambali pa thako, naturutsa mutu wa fupa m'kachikho kake, naudula. Kenaka amapala kachikho kaja mpaka kayere n'kuikamo katsopano, amaboola m'kati mwa fupa la ntchafu mmene mumakhala mafuta, nalowetsamo chitsulo chachitali chokhala ndi mutu wake, chomatidwa ndi simenti kapena chokhakhala kuti fupa lidzachigwire lokha pomera. Akabwezera mwendo m'malo mwake amauyesa uku ndi uku, kuona ngati suguluka ndiponso ngati walingana ndi unzake, ndipo akatero amasoka.

Chimene chinadabwitsa abale onse chinachitika m'mawa mwake. Ife tinkayembekeza kuti munthu wodulidwa fupa agona mwezi wathunthu, koma dzuwa lisanafike pamutu anabwera mtsikana wa mafizo, msinkhu wa mdzukulu wawo, atanyamula chitsulo chamiyendo inayi choyendera, nati, "Gogo, tiyeni tiimirire." Azakhali anandiyang'ana nati, "Iwe mwana wa achimwene, umuuze mwanayu kuti dzulo lomweli andicheka." Koma mtsikanayo sanasunthe, ndipo anali ndi chifukwa, poti munthu akagona osagwedezeka pambuyo pa opaleshoni yotere magazi amaundana m'mitsempha ya m'katumba, ndipo chibuma chikathothoka n'kukatseka m'mapapo munthu amafa mwadzidzidzi chilonda chili bwinobwino, nchifukwa chake amamuimiritsa msanga, namuveka masokosi othina, namupatsa mankhwala osungunula magazi kwa pafupifupi mwezi. Anatsitsa miyendo, chizungulire chinawagwira, thukuta linatuluka pamphumi, naponda kamodzi, kawiri. Ndipo atabwerera pabedi ananena motsitsa mawu kuti chilonda chikuwawa ndithu, koma chija chinkawakukuta m'kati chachoka. Patangopita masiku ochepa, ataphunzira kukwera masitepe ndi ndodo ziwiri, anawatulutsa.

Apa tsono ndi pamene ndikufuna kuti owerenga adekhe, chifukwa ine ndikuona kuti nyung'unyu imaikidwa kuchipatala koma imapolera kunyumba, ndipo nyumba imene Charnley ankaiganizira si ya ku Lobengula. Malangizo amene odwala ambiri amapatsidwa kwa masabata 6 mpaka 12 oyamba, makamaka amene anang'ambidwa chakumbuyo, ndi oti bondo lisakwere kupitirira chiuno, asapingase miyendo, asapotoze mwendo kulozetsa phazi m'kati, asawerame kutola chinthu pansi, ndipo pogona aike mtsamiro pakati pa miyendo. Pakuti minofu yogwira mfundo imakhala isanalimbe, ndipo mutu wachitsulo ukhoza kutumphuka m'kachikho kake, munthu n'kubwerera kufiyeta. Kwa Mzungu wa ku England, amene moyo wake wonse amakhala pampando, kudyera patebulo ndi kusamba chiimire, malamulowa ndi opepuka. Koma taonani moyo wa mayi wa kwathu: amasesa ndi tsache lalifupi atawerama, amachapa m'beseni lili pansi, amasankha ndiwo atatambalala pamphasa, magetsi a ZESA akazima amakoleza moto panja atanyonyomala, ndipo chimbudzi cha m'nyumba zina zakale n'chonyonyomalanso. Ntchito iliyonse imene manja ake anaizolowera ili m'gulu la zoletsedwa.

Choncho tsiku lotuluka lisanafike nyumba inayenera kukonzedwa. Kalipentala wa pamsika anakhoma mpando wamatabwa wobooka pakati, wautali kufika m'mawondo, woika pamwamba pa chimbudzi. Bedi linakwezedwa ndi njerwa ziwiri kuphazi lililonse. Sofa yofewa imene mwana wawo anatumiza ndi onyamula katundu otchedwa omalayitsha kuchokera ku Johannesburg, imene iwo ankainyadira pamaso pa alendo, inaletsedwa chifukwa munthu akakhalapo amamira, ndipo m'malo mwake munalowa mpando wouma wapatebulo wokhala ndi mtsamiro. Timakapeti tonse tinapindidwa, ndipo polishi wofiira wa pakhonde, amene mayi aliyense wa ku Bulawayo amadziwika naye ukhondo wake, anayamba wapumira, popeza palibe mdani wa ndodo woposa simenti yonyezimira.

Madzi ndiwo anali mtolo wolemera koposa. Mzindawu umamwa kuchokera m'madamu a Umzingwane, Inyankuni, Insiza, Mtshabezi ndi awiri a Ncema, pamodzi ndi zitsime za ku Nyamandlovu, ndipo chilala chikagwa khonsolo imatseka mipopi masiku angapo motsatizana, moti mu 2020 inafika potseka maola 144 pa sabata. Maganizo okoka madzi ku Zambezi anayamba kukambidwa mu 1912, ndipo damu la Gwayi-Shangani anthu akhala akulidikira zaka zambiri. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo munthu wa ndodo ziwiri alibe dzanja lachitatu. Komanso chilonda chimafuna manja osamba ndi nsalu zochapa tsiku ndi tsiku kufikira ulusi utachotsedwa pakatha pafupifupi masabata awiri. Ana amene anasonkha madola anali kutali, ndipo ndalama ya pafoni siima pamzere wa pamjigo. Amene anatunga madziwo anali mayi wa Chindebele wa nyumba yoyandikana, pamodzi ndi anyamata ake, ndi amayi a Chigwirizano amene anagawana masiku, wina kudzaphika, wina kudzachapa, wina kudzangokhala nawo kuti asayesedwe kudzuka okha. Ndikunena mosabisa kuti banja limene likusonkha ndalama ya chitsulo lisanapeze munthu wodzagona m'nyumbamo mwezi woyamba layamba ndi denga lisanazike nsichi.

Palinso chinthu china chimene dokotala sachilemba pa pepala, chifukwa sichili m'mabuku ake, ndicho ulemu. Mkazi wa Chichewa amagwada popereka madzi kwa akulu, amagwada popereka moni kwa apongozi, ndipo pamaliro malo ake ndi pansi m'nyumba ya siwa, pamene amuna akhala pamipando panja. Amandebele nawonso mwambo wawo pa zimenezi ndi womwewo. Patangotha mwezi ndi theka kunagwa maliro a mkulu wa mpingo, mnzawo wa malemu amuna awo kunjanji, ndipo azakhali anakana kutsala. Anawanyamulira mpando wawo wouma uja nauika pakona m'nyumba ya siwa, iwo okha pamwamba, anzawo onse ali pansi. Ndipo ngakhale panalibe wonena kanthu poyera, manong'onong'o anamveka akuti MaPhiri chiikireni chitsulo cha ku England asanduka bwana. Zinawapweteka koposa chilonda, moti anayamba kusuntha kuti atsike, ndipo akanatsikadi pakanapanda mtsogoleri wa amayi, amene anaimirira nati, "Amayi anzanga, mpando uwu ndi mankhwala, amene akufuna kuti atsikepo ayambe wasonkha za opaleshoni yachiwiri." Anthu anaseka m'kati mwa maliro, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mwambo unaikidwa kuti usunge anthu, ndipo ndikhulupirira kuti makolo amene anaukhazikitsa, akanaona mwendo wachitsulo, akanapereka okha mpandowo. Ena, miyezi ikapita ndipo dokotala akalola, amadzagwadanso ndi kukhala pansi mosamala. Ena sabwererako konse, ndipo sayenera kuyesedwa onyada.

Zoopsa zina zimachokera ku chikondi chomwe. Wodzazonda matenda sabwera chimanjamanja, ndipo pakati pa malalanje ndi mabanzi pamapezeka kabotolo ka mafuta odalitsidwa kapena phulusa la mizu loti atemere mphini pamalo powawapo. Pemphero lilibe choletsa, koma lumo lisayandikire mwendo umenewo, chifukwa chitsulo chilibe magazi oti chidziteteze nawo, ndipo tizilombo tikachifika mankhwala akumwa okha sakwanira, nthawi zina mpaka chichotsedwe chonse. Safunsa anadya phula: chilonda chikafiira, chikatentha kapena kuchucha, thupi likatentha, katumba akatupa n'kumawawa, mpweya ukayamba kubanika, kapena mwendo ukafupika mwadzidzidzi ndi ululu woopsa, munthuyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku limene analemberedwa. Ndipo popita akhale kutsogolo m'galimoto yobwereka, mpando atautsekulira kumbuyo, pakuti kumbuyo kwa kombi kapena kwa ka Honda Fit kodzaza anthu mawondo amafika pachifuwa.

Amuna ndiwo amavuta kwambiri pa nyengo imeneyi. Mwamuna amene anasenza njanji pa unyamata wake, kapena amene ankavina gule wamkulu ku lokeshoni ya Sizinda fumbi n'kuchita kobo, akangoona kuti ululu wachoka amataya ndodo sabata lachitatu n'kukwera padenga kukakonza lata. Ena amagwa mbali inayo, kuopa kuponda ndi kukana mafizo, kufikira minofu ya m'thako ifota ndipo amatsimphina moyo wonse ndi mfundo yabwinobwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zolimbitsa thupi zake n'zonyozeka pozionera, kugwedeza phazi, kukungitsa ntchafu, kutambasulira mwendo kumbali utagwira tebulo, kuyenda kufika pageti lero ndi pa mphambano mawa. Koma ndi zomwezo zimene zimachotsa munthu pa chitsulo chamiyendo inayi kumufikitsa pa ndodo ziwiri, pa imodzi, mpaka pa miyezi itatu ambiri amayenda okha, ngakhale mphamvu zimapitirira kubwerera mpaka chaka chitatha.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti chitsulocho chidzakhala zaka zingati. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu The Lancet mu 2019, atasonkhanitsa makaundula a maiko angapo, anapeza kuti mwa nyung'unyu 100 zoikidwa, pafupifupi 58 zimafika zaka 25 zisanafune kusinthidwa. Kwa gogo wa zaka 70 mawu amenewa ndi otonthoza. Kwa mnyamata wa zaka 35 amene fupa lake linafa ndi sickle cell, ndiye kuti mwina adzabwereranso, ndipo opaleshoni yachiwiri imakhala yovuta ndi yodula kuposa yoyamba, poti fupa logwirapo limakhala litachepa. Walira mvula walira matope. Wotereyo ayenera kusunga mapepala onse onena za mtundu wa chitsulo chimene anamuika, chifukwa dokotala wodzachichotsa mwina sanabadwe.

Okalamba ambiri a mtundu wathu, akangoyamba kuyenda bwino, chinthu choyamba chimene amapempha ndi ulendo wa ku Malawi, kukaona mudzi umene ankangoumva m'kamwa mwa bambo awo, ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Kasungu, ndipo azakhali nawo anayamba kuutchula ndodo yachiwiri isanaikidwe kuseri kwa chitseko. Ulendowo ndi wautali: makilomita oposa 400 kuchokera ku Bulawayo kufika ku Harare, kenaka ku chipata cha Nyamapanda, kudutsa dziko lotentha la Tete ndi kuoloka Zambezi, mpaka kukalowera ku Mwanza kapena ku Dedza, usana ndi usiku munthu atapinda miyendo pakati pa zikwama ndi matumba. Dokotala anawauza kuti adikire miyezi itatu ikwane, akhale mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti azitambasula mwendo, azitsika kuyendayenda paliponse pamene basi yaima, ndipo azimwa madzi ngakhale akuopa zimbudzi za m'njira. Mwana wawo wa ku England anati ndi bwino akwere ndege, koma iwo anakana, ati akufuna adutse njira imene bambo awo anadzera wapansi. Ndipo anatituma kuti tikauze a kumudzi akonzeretu mpando wautali, kuti pokaonana ndi anyakwawa asadzaoneke amwano.